Mutu wa Pachalo Uloze Kuti?

Raphaeli anachoka kukomboni ya kumigodi ya Madumabisa, ku Hwange, mochedwa, makutu atatopa ndi madoda. Bambo ake, a Pachalo, amaikidwa mawa lake, koma anthu anali asanamvane koloza mutu wa maliro. Anzawo a malemuwo amati uloze ku Malawi. Akuchikazi, amtundu wa Anambya akomweko, amati munthu wadya mchere wa ku Hwange moyo wonse, za Malawi nzachiyani? Onse anamutulira iye nkhaniyo, munthu woti Chichewa chenichenicho amachita chotola.

Makombi, maminibasi akumeneko, kunalibe, mafuta atasowa chaka chimenecho cha 2007, choncho anauyatsa wapansi kulowera ku Lwendulu, komwe kunali siwa. Pafupi ndi chipilala cha Kamandama, chokumbukira anthu amene anafera mumgodi, anamva nsapato zamumgodi pambuyo pake. Ataima, nazo zinaima.

Atacheuka anaona mzungu wamtali, nyali yapachipewa ili yozima.

"Watopa, mwana wa Pachalo," anatero m'Chinyanja chamumgodi. "Ndine Makasikilo, wa kuzilumba za Sikotilandi."

Raphaeli anafulumiza mwendo. Mzunguyo sanatsale.

"Makolo anga anali Avaikingi. Anabwera pangalawa kuchokera kumpoto, nkumatentha matchalitchi. Kenako anakwatira akazi akomweko. Ana anayamwa Chigeliki cha amayi awo, chinenero cha atate chinafa. Agogo ankaikidwa m'ngalawa, lupanga pambali. Adzukulu anaikidwa kuseri kwa tchalitchi. Amayi ndi amene amapambana, mfana."

Mphepo inaleka. Fungo la malasha opsa... Raphaeli anayang'ana pansi. Fumbi linali ndi mapazi a munthu mmodzi!

"Nanga... inuyo adzakuikani kuti?" Mawu anatuluka okha.

"Ife sanatilozetse kulikonse. Aliyense anagona mmene anagwera, Mnyasa apa, wamtundu wa Alozi apo. Pachalo yekha ndiye sanabwere ku shifiti. Malo ake tamusungira. Mutu uloze kuno."

Nyali ija inayaka. Pansi pa chipewa panalibe nkhope!

Raphaeli anafika pasiwa nakagwada pafupi ndi mayi ake, a Letty.

"Amayi, Makasikilo ndani?"

Mayiwo anasiya nyimbo pakati.

"Wamumva kuti? Anali kapitawo wa bambo ako. Tsiku lomwe mgodi unaphulika, mu 1972, anawabweza pachipata kuti akandiperekeze kuchipatala, ine ndili pakubereka iwe. Iye anatsika ndi anzawo onse. Mpaka lero ali pansi pomwepo."