Amene Anadya Buledi ndi Talant

Lachiwiri, 7:20 m'mawa, kuseri kwa msika wa nkhosa ku Ak-Terek, wofufuza milandu Sheraly Ormonov anagwada pambali pa mtembo wa Talant. Bala linali limodzi, pakhosi. Pamkeka panali timbale tiwiri ta tiyi ndi buledi wonyema pakati.

Zaka khumi Talant anali maso a gulu la zigawenga lotchedwa Abale pamsikapo. Ankadyera amalonda, inde, koma mlandu ankauweruza tsiku lomwelo, pomwe kukhoti umaola. Mwezi watha boma linamuimika pa kamera: "Za Abale ndazisiya." Dziko lonse linaonera.

"Amupha ndi anzake," anatero bwana wa Sheraly pafoni. "Tagwira kale mmodzi wa Abalewo, dzina lake Nurgazy. Akuluakulu akufuna nkhaniyi iulutsidwe lero."

10:45, m'chipinda chofunsira mafunso, Nurgazy anaseka.

"Achimwene, imvi zonsezi simukutidziwabe? Wokana Abale ndi maliro oyenda. Moni sitimupatsa, kapu yake sitiikhudza. Kudya naye? Bola kunyambita chimbudzi chanuchi."

Koma wakuphayo anadya ndi Talant. Sheraly anabwerera kumsika ndi funso limodzi: ndani ankalowabe kwa Talant? Amalonda anatchula Asylbek, wopha nkhosa.

2:10 masana, kupolisi, Asylbek anaika yekha mpeni patebulo.

"Ndine, bwana. Mwana wa mkulu wina wa boma ankalondalonda mwana wanga wamkazi, Aizada. Talant anangomuyankhula kamodzi, mnyamatayo anasowa chaka chathunthu. Kanema uja atatuluka, anabwera ndi galimoto n'kumukoka mwana wanga pageti la sukulu, ati ndi mkazi wake tsopano. Lero ndi masiku makumi awiri ali wotsekeredwa. Ndinakagwada kwa Talant. Ati, 'Ndine ndani ine lero? Pitani kupolisi.' Kupolisi! Kumene anandipirikitsa katatu!"

Sheraly analemba zonse, ndi dzina la mnyamatayo lomwe, n'kupita nazo kwa bwana. Bwanayo anawerenga mpaka padzinapo, n'kung'amba pepalalo.

"Wapenga? Wapha ndi Nurgazy. Mdalayo azipita kwawo."

4:30, Sheraly anamuperekeza Asylbek mpaka pakhomo, maso ali pansi.

"Pitani kunyumba, bambo."

"Nanga Aizada?"

Sheraly anatembenuka kuti abwerere mkati.

"Ndimangeni!" Asylbek anagwira zitsulo za geti ndi manja onse. "Ndapha munthu ine! Ndipititseni kukhoti ndikatchule dzina la mnyamatayo anthu amve!"

Mlonda anamumasula zala chimodzichimodzi, n'kutseka geti.