Mudzi wa m'Buku la Sebastiano

Esinala anakumana ndi Sebastiano pa doko la ku Marka, chaka chimene Shire anasefukira n'kudya thonje lonse la m'madimba. Esinala anali atakhala pansi pa msangu ndi dengu la milamba yowamba, kuingitsa ntchentche kuyambira m'mawa, ogula osaoneka. Mtsikanayu anali wotopa, ndipo kutopa kwake kunali kwa zaka.

"Milambayi ndi yabwino, koma mwini wake nkhope yagwa," anatero mwamuna wina amene anali atangotsika m'bwato. Anali atavala jekete yoyera ndi nsapato. Nsapato, pa doko lamatope!

"Gulani nsomba, nkhopeyo sindikugulitsa," anayankha Esinala.

Mwamunayo anaseka, nakhala pansi osaitanidwa. Anati dzina lake ndi Sebastiano, kwawo ndi kutsidya, kwa Apwitikizi. Kenaka anatulutsa kabuku kothaitha m'thumba, namuonetsa chithunzi cha nyumba zoyera zondandalikana m'mizere, zonse zofanana.

"Bukuli analemba munthu wa kutali, akulota mudzi wopanda misozi. Anthu ankati ndi nthano chabe. Koma ine ndauona ndi maso angawa, kumunsi kwa Zambezi. Kulibe msonkho wa nyumba. Kulibe mfumu. Madzi safika pakhomo. Aliyense nyumba yake ndi yonga ya mnzake, chakudya n'chimodzimodzi, ndipo palibe amagona ndi njala."

"Nanga udzudzu?" anafunsa Esinala momuyesa.

"Udzudzu ulipo. Ndisakunamizeni."

Apa ndi pamene anakodwa mwana wamkaziyo. Munthu wovomera udzudzu anganame bwanji pa zina?

Kuyambira tsikulo Sebastiano sankasowa pa doko. Kunyumba kwa Esinala chaka chimenecho ankadya nyika, mizu ya maluwa a m'dambo imene munthu amaifuna njala ikafika posauzana. Sebastiano atamva, anapukusa mutu.

"Iwe si wokumba mizu ayi. Iwe ndiwe duwa lenilenilo, duwa langa la pamadzi."

Anamuveka mkanda wofiira m'khosi, ndipo Esinala anayenda njira yonse yobwerera akumwetulira yekha ngati wamisala.

Akachoka masiku angapo, Sebastiano ankatumiza kalata ndi opalasa bwato. Esinala sankadziwa kuwerenga, choncho ankapita nayo kwa mlongo wake wamkulu, Lazaro, amene anaphunzirako pang'ono ku mishoni. Lazaro ankawerenga mawu achikondiwo ndi nkhope yangati akutafuna tsabola.

"Duwa langa la pamadzi, ndaona nyumba yathu. Ili mzere wachitatu, yoyang'ana kum'mawa. Ndikadya, chakudya sichitsika. Bwera, ubwerenso ndi alamu anga, malo alipo."

"Alamu akewo ndine?" anafunsa Lazaro, akupinda kalatayo. "Andisiye ine."

Lazaro anali atabwerako ku mtengatenga, nkhondo ya Jeremani ija, kumene anasenza mabokosi a asilikali zaka ziwiri. Bambo awo anapita naye limodzi, koma iwo anatsala m'njira. Mapewa a Lazaro anali zipsera zokhazokha, ndipo analumbira pamaso pa mayi ake kuti sadzasenzanso katundu wa munthu wina mpaka kufa.

Mayi awo nawonso nkhaniyo sinawakomere.

"Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera, n'kumanga pafupi ndi apongozi, n'kulima tione mphamvu zake. Uyu bwanji akufuna kukunyamula ngati thumba la mchere? Ukalisiya dimbalo, amalume ako alipereka kwa wina."

"Dimba lake liti, amayi? Lija lili pansi pa madzi?"

Mwanayo sananame, ndipo mayiwo anaileka nkhaniyo.

Wovuta anali Lazaro. Esinala anamunyengerera mwezi wathunthu, pokumba nyika, powamba nsomba, popita kutchalitchi.

"Achimwene, simunatope? Chaka chino madzi, chaka chamawa chilala, msonkho wokha ndiwo sudwala. Tiyeni! Kumeneko munthu amasenza zake zokha."

Mawu omalizawa Sebastiano sananenepo. Anawonjezera yekha Esinala, poti chikondi chimakometsa nkhani ngakhale mwini nkhaniyo sanapemphe. Koma ndiwo mawu amene analowa mumtima mwa Lazaro.

"Zake zokha?"

"Zake zokha, achimwene."

Tsiku la ulendo, dzuwa litangokwera, Sebastiano anayala pepala pa bondo, pambali pake kabotolo ka inki.

"Kumene tikupitako ukwati samangira kwa ankhoswe. Amadinda chala. Dinda apa, duwa langa, ukhale wanga mpaka muyaya. Inunso alamu, dindani apa ngati mboni."

Lazaro anasuzumira pepalalo, koma linali la Chipwitikizi. Anayang'ana mlongo wake, amene maso ake anali kuwala koyamba m'zaka zambiri, ndipo anadinda.

Anayenda masiku anayi pamadzi. Tsiku lachisanu masana anafika.

Mudziwo unalipodi! Nyumba zoyera m'mizere, zonse zofanana, pamtunda posafika madzi, ndendende ngati pa chithunzi chija. Esinala anagwira dzanja la Lazaro, misozi ili m'maso. Kenaka anaona zimene wojambula uja sanajambule: mpanda wa waya kuzungulira mudzi wonse, mlonda pachipata, ndi minda ya nzimbe yopanda malire. Belu linalira. Anthu anatuluka mu nzimbemo ali mbuu, n'kuima pamzere aliyense ndi mbale yake, kulandira chipande chimodzi cha nyemba. Kapitawo anali kuyendayenda ndi chikoti. Palibe amene ankayankhula.

Amuna anawalozera uku, akazi uko. Pa khomo la nyumba ya mzere wachitatu, yoyang'ana kum'mawa, panakhala mayi wina wowonda, manja ali ochekekachekeka ndi masamba a nzimbe. M'khosi mwake munali mkanda wofiira.

"Ndine Mariya, wa ku Makhanga," anatero mayiyo, akuyang'ana khosi la Esinala. "Iwenso ndiwe duwa la pamadzi?"

Esinala anagwira mkanda wa m'khosi mwake, ndipo Mariya anapitiriza.

"Lowa, mphasa ilipo. Tinalipo anayi muno. Mmodzi tinamuika mwezi watha."

Esinala anathamanga mpaka kuchipata. Sebastiano anali kale kunja kwa waya, jekete ili paphewa, akubwerera ku bwato.

"Sebastiano! Wandinamiza!"

Iye anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndinanama pati? Msonkho wa nyumba ulipo kuno? Mfumu waiona? Alipo amene sanalandire chakudya?"

"Nanga ukwati? Nanga chala chija?"

"Chalacho n'cha zaka zitatu mu nzimbe." Anayang'ana nsapato zake, ndipo kwa nthawi yoyamba Esinala anaona kuti nayenso ndi munthu wotopa. "Nanenso ndinadinda, Esinala. Ndikapanda kubweretsa anthu, jeketeyi andivula, ndibwerera m'mundamo. Bukuli anandipatsa ndi mzungu wa pano. Ndikamakuwerengera pansi pa msangu paja, nthawi zina ndinkaukhulupirira mudziwo inenso."

"Unandikondako, ngakhale pang'ono?"

Sebastiano anayang'ana ku bwato. Opalasa anamuitana, ndipo anapita osacheuka.

Esinala anadula mkanda uja, tinthu tofiira n'kumwazika pafumbi. Sizinamuthandize. Mtima unali kuwawa chimodzimodzi, ndipo chomupweteka koposa n'chakuti mawu aja a duwa la pamadzi ankamvekabe okoma m'makutu mwake.

Belu linaliranso. Sanawapatse ngakhale tsiku lopuma. Dzuwa likupendeka, Esinala ali ndi chikwanje m'manja, anaona mzere wa amuna ukuchokera m'munda, aliyense atasenza mtolo wa nzimbe. Wachisanu pamzerewo anali Lazaro. Zipsera za pamapewa zija zinali zitatseguka, magazi akudontha pa nsalu.

Akanamukalipira, bwenzi zili bwino. Koma Lazaro anangoima pang'ono pafupi naye, akupuma movutikira, n'kufunsa mofatsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Mlongo wanga, nzimbezi ndiye zathu zija?"

Esinala anangoyang'ana chala chake, inki ija isanachoke.