Dzanja Lamanja la Bambo

Mzime anakumana ndi mnyamata wina pa benchi ya kuchipinda cha mafizo, komwe odwala sitiroko amaphunzira kuyenda ndi kugwira zinthu. Mtsikanayu anabwera ndi bambo ake pa wilutcheya, ndipo ankangowapukuta kumaso ndi kampango. Mnyamata uja anabwera ndi mayi ake, omwe ankayenda okha ndi ndodo.

"Achemwali, kampangoko kapumeko! Nkhope ya madala ithatu ndi kupukuta," anatero mnyamatayo.

"Ndi nkhope yanu?"

"Ayi, koma ndine wometa. Nkhope ndi ofesi yanga. Amanditcha Lumo."

Mzime anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupulumuka. Chidwalireni bambo ake anali asanasekepo chonchi.

Mwana ngati Mzime mungamupeze kuti? Abale atatha ngati makatani, iye anasamutsa makina ake osokera n'kuwaika pafupi ndi bedi la bambo. Dzanja lawo lamanja linali litafooka ndipo mawu ankatuluka movutikira. Ankawasambitsa, kuwamanga mabatani, kuwadyetsa ndi supuni. Ntchentche inkachita kupempha chilolezo!

Chikondi sichinachedwe. Foni inkangoti ngwee pamakina.

"Duwa langa, lero ndameta munthu mbali imodzi chifukwa choganiza iwe."

"Bodza! Uchotsedwa ntchito."

"Andichotse. Mtima wanga unalembedwa kale kwa iwe. Sindidzakusiya, ndipo bambo akowo ndi anganso."

Ndi Lumo yemwe anamulowetsa m'gulu la osamalira odwala, momwe anaphunzira kutembenuza bambo osathyoka msana, ndi kulira pamaso pa anthu osachita manyazi.

Tsiku lina Lumo anabwera kudzawameta bambo kunyumba. Mzime anaika tiyi patebulo n'kupita kukaanula zovala. Pobwerera anaima pakhomo, thupi lonse zii.

Bambo anali atagwira kapu ndi dzanja lofooka lija. Linkanjenjemera, tiyi akuyenderera pamalaya, thukuta lili kamukamu. Nanga Lumo? Anali phee pampando, atakhalira manja ake!

"Kwezaninso pang'ono, madala," ankatero.

"Lumo! Ukuonerera bambo anga ngati filimu?"

"Duwa langa, tandimvera. Amafuna okha. Mayi anganso ndinka..."

"Usanditchule duwa! Munthu wopanda chisoni iwe! Tuluka!"

Lumo anatolera makina ake ometera n'kutuluka mwakachetechete. Mauthenga anabwera. "Ndikhululukire pokukhumudwitsa, koma dzanja lija lili moyo, ndaliona." Mzime anawerenga, analira, anafufuta. Ankamukonda, inde, koma angakwatiwe bwanji ndi munthu woonerera bambo ake akuvutika?

Mmawa mwake anabweretsa phala. Bambo anatseka pakamwa kuti gwa! Masana chimodzimodzi. Supuni ikayandikira, ankatembenukira kukhoma.

"Ababa, ndakulakwirani chiyani ine?"

Anathamangira kwa mayi wophunzitsa odwala kuchipinda cha mafizo kuja, misozi ili mbwembwembwe, n'kufotokoza zonse. Mayiyo anamugwira paphewa.

"Mwana wanga, palibe amene amasamala odwala kuposa iwe. Koma dzanja likapeza wantchito limagona. Apa timawavutitsa kuti ligwire, kunyumba iwe ukuligwirira zonse. Bambo ako sakukana phala, akukana supuni yako."

Mawuwo anamulasa. Mayiyo anamupatsa supuni ya chigwiriro chonenepa ndi mbale yosaterereka.

Kunyumba Mzime anaika phala patsogolo pa bambo, nakhala pampando, nakhalira manja ake. Abale inu, ntchito yake inali yowawa kuposa kuchapa zofunda! Phala linagwera pachifuwa, lina pansi. Manja ankamuyabwa. Supuni yoyamba itafika pakamwa, bambo anamuyang'ana n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope. Mzime analira mokweza.

Koma kwa Lumo sanalembe. Manyazi! Akayamba bwanji?

Patapita milungu, ndevu za bambo zinali zitamera ngati tchire. Mzime atatenga sizasi, iwo anakankha dzanja lake.

"Lu... mo," anatero.

Mzime anawatengera kwa Lumo. Bambo anatsika pa wilutcheya pakhomo la shopu yometera, n'kulowa ndi ndodo, phazi limodzi likukhwekhwereza. Makina onse anazima. Lumo anatembenuka, chipeso chili m'manja.

"Ndinakulakwira," anatero Mzime, maso ali pansi. "Unaona zomwe ine sindinkaona."

"Iwe unawasunga ndi moyo, duwa langa. Ine ndinangokhalira manja."

Kenaka anagwada, osati kwa Mzime, koma kwa bambo.

"Madala, mwana wanuyu ndimamukonda. Ndikufuna ndimukwatire, ndipo inu tidzakhala nanu. Mundilola?"

Milomo ya bambo inagwedera, mawu osatuluka. Mzime anatsegula pakamwa kuti awayankhire monga mwa masiku onse, koma anadziluma lilime. Shopu yonse inadikira.

Pang'onopang'ono dzanja lamanja lija linanyamuka, likunjenjemera, mpaka linagwira la Lumo n'kulifinya.

"Mka... mwini," anatero. "Ndi... mete."

Shopu inaphulika ndi kuwomba m'manja. Mzime anapukuta misozi natembenukira kwa anthu onse aja, chifuwa chili patsogolo.

"Mwawamva? Amenewo ndi bambo anga!"