Preludi Imene Chikhu Sanaimalize

"Chemwali, piyanoyo yakulakwirani chiyani?"

Chikhulupiriro anachotsa manja pamakiyi n'kucheuka. Pakhomo panaima mnyamata wamtali, nsapato zake zili matope okhaokha a m'munda wa tiyi. Anali Everson, wachiwiri kwa manijala wa minda pa esitetiyo.

Chikhu anali atangoyamba ntchito yoimbira alendo piyano pa loji yakale ya pakati pa tiyi. Kwawo ku Bvumbwe ankatchuka ndi kiyibodi ya kutchalitchi, yovinitsa amayi mpaka fumbi koboo. Koma kuno bwana wake, mayi Joan, anamupatsa manotsi a preludi, kanyimbo kodekha ka piyano yokha, ndipo kankamuzunza.

"Ngati mumatha, khalani apa muimbe nokha!" anayankha atapsa mtima.

Everson anakhaladi. Anati anaphunzira ku seminale asanathaweko. Zala zake zinayenda ngati sizikukhudza kanthu, ndipo Chikhu anaiwala kuti wakwiya.

"Dzanja lamanzere lizingonong'ona," anatero Everson. "Lamanja ndiye lizilankhula, koma ngati munthu woopa kudzutsa khanda. Chopondera ichi musachikanikize nthawi yonse, mawu amasanduka phala."

Kuyambira tsiku limenelo Everson ankadutsira pa loji akaweruka. Maphunziro anabala mameseji.

"Chikhu wanga, kansonga kanga ka tiyi, wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, wapamtima. Zala zikukusowani."

"Mvula ikangoyamba ndituma ankhoswe kwa amalume ako. Ndikanama Mulungu andilange."

Ndi mtsikana uti sakanakhulupirira? Chikhu anawauza amalume ake, ndipo nkhani inafika mpaka kukwaya.

Mvula inabwera. Tiyi anaphukira, othyola anadzaza minda ndi madengu kumsana. Ankhoswe okha ndiwo sanaoneke. Foni ya Everson inayamba kukhala chozondoka patebulo, ndipo mayankho ake anafupika: "Ndili mu mitingi, bebi."

Mkwiyo wonse Chikhu ankaukhuthulira papiyano.

"Ukuthamangiranji?" Everson anamudzudzula tsiku lina. "Noti yaitaliyi uidikire, uimve ikuzilala yokha, kenako upite ku inzake."

"Kudikira ndiye ntchito yanga eti? Papiyano ndidikire, kwa inunso ndidikire?"

"Iwe switi, nyengo yothyola ino ukuidziwa."

"Amalume andifunsanso dzulo! Ndiwauze kuti mukukwatira tiyi?"

Everson anaseka, n'kumugwira chala chaching'ono. "Ndiwe wekha, Chikhu. Palibenso wina pansi pano."

Lachisanu kunabwera meseji: "Duwa langa, mawa usapite kuntchito, watopa kwambiri. Ine ndili ku Limbe. Lamulungu ndidzakutenga tikayende."

Chikhu anapempha tchuthi, koma mayi Joan anakana. "Mawa kuli phwando la banja, ndipo achita kuitanitsa preludi yako ija. Ndikamupeza kuti wina?"

Loweruka masana, alendo asanakhale pansi, mtsikana wovala diresi yobiriwira anabwera papiyano akumwetulira.

"Ndine Jean, ndachokera ku Lilongwe. Lero chibwenzi changa chikundiveka mphete pamaso pa makolo. Malo ano ndinasankha ndekha, iye ankakana mpaka tinayambana! Akamalowa muyambe nyimboyo, achemwali. Amaikonda zedi, ndikufuna ndimudzidzimutse."

Chikhu anamva nsanje yaing'ono, koma anamukonda mtsikanayo. Mumtima anati, "Zanga zikuchedwa, koma za mnzangayu ndizikometse."

Mayi Joan atamukodola, Chikhu anayamba kuimba.

Aka kanali koyamba kuti nyimboyo imumvere. Dzanja lamanzere linayenda pansipansi. Pamene mawu ankakwera, anawakweza pang'ono chabe, n'kuwatsitsa ngati akuika dzira m'mbale. Masupuni anasiya kulira. Mayi wina wachikulire anatsinzina.

Atafika pa noti yaitali ija anadzutsa maso.

Pakati pa chipinda, atagwada bondo limodzi, suti yakuda, kabokosi m'manja, panali Everson!

Maso awo anakumana. Everson anamupukusira mutu pang'ono, kumupempha kuti apitirize. Apitirize? Amuimbire nyimbo pamene akuveka wina mphete?

Chikhu anamenya makiyi ndi manja onse awiri. Phokoso lake linagwedeza matambula, mwana wina n'kulira.

"A Everson! Ku Limbe mwabwerako liti?"

Jean anayang'ana uku ndi uku. "Mukudziwana?"

"Ndi mtsikana chabe wa pano," Everson anachita chibwibwi. "Ndinkangomuthandiza manotsi."

"Mtsikana chabe?" Chikhu anaimirira, mpando n'kugwa. "Iwe Everson, ndiyang'ane! Manotsi ndi amene unkawalonjeza ankhoswe? Amalume anga asesa bwalo kangati kudikira abale ako? Si awa akhala apawa?"

Bambo ake a Everson anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Chikhu, tikambirana bwinobwino panja..."

"Panja? Pamene unkalumbira dzina la Mulungu tinali panja? Wathawa unsembe wachita bwino, ukanamaliza nkhosa zonse!"

Anatembenukira kwa Jean. "Achemwali, inu simunandilakwire. Sindinkadziwa kuti muliko. Dzulo lomweli amanditcha duwa lake."

"Chikhulupiriro!" Mayi Joan anathamangira pomwepo. "Khala pansi umalize nyimbo. Ukatuluka pakhomopo usadzabwerenso."

Chikhu anaganiza za ntchitoyo, ndi momwe anaivutikira kuti aipeze. Kenako anaona Everson akadagwadabe, kabokosi kali yasaa m'manja.

"Woimba muli naye, mayi. Ndi uyo wagwadayo."

Anatola chikwama chake n'kutuluka.

Kunja kunkawaza mvula. Anatsika njira yofiira ya pakati pa tiyi, misozi ikutentha masaya, foni ikunjenjemera m'chikwama osaleka. Sanaiyankhe. Amalume akawauza chiyani? Nanga kukwaya akaonetsa nkhope iti?

Kumbuyo kunamveka mapazi akuthamanga. Chikhu anatola mwala.

"Ukandiyandikira ndikuphwanya mutu, Everson!"

Atacheuka anapeza ndi Jean, nsapato zili m'manja, diresi yobiriwira ija itanyowa, zala zake zopanda mphete.

"Ndidikireni, achemwali," anatero akupuma mwabefu. "Minibasi za ku Limbe timakwerera pati?"