Fungo Lomwe Lubani Sanabise

Nassira anakwatiwa ndi Bourama chifukwa cha chikondi, chosowetsa tulo chija. Koma mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi, anayamba kugona kumphepete kwa bedi atayang'ana kukhoma. Kumusi kunkatuluka chikazi chotuwa, chonunkha ngati nsomba zogonera za mu mtsinje wa Joliba. Akanauza ndani?

Apongozi ake, Ba Tenin, anadzinunkhizira okha pochapa. Anamukokera kuseri n'kumuuza kuti mkazi wokwatiwa kubanja lawo la a Coulibaly amadziwika ndi wusulan, lubani wathu uja, osati fungo lakumsika. Anamuphikira mphika wa makungwa ndi mandimu woti azitsukira m'kati, n'kumamukhazika pautsi. Zakuchipatala anakaniza, ati za m'nsalu sazionetsa alendo.

Fungo linangokula. Tsiku lina masana, banja lonse litazungulira mpunga wotendera, Ba Tenin anakankha mbale.

"Bourama mwanawe, mfunse mkazi wakoyu kumene anakazitola. Ine ndatopa kufukiza."

Nassira anathamangira kuchipinda, chitseko phwaa! Bourama anamupeza atagwada, atagwira mimba, misozi ili chuchuchu.

"Amuna anga, sindinayendepo. Koma m'mimbamu mukupota."

Bourama sanafunse zambiri. Anamukweza panjinga yamoto ulendo wakuchipatala, mayi ake akukalipa pachipata.

Mzamba anati si nthenda yachiwerewere ayi. Tizilombo timachuluka pamene toteteza tathu tachepa, ndipo kutsuka m'kati kumangokolezera. Zikalekereredwa, nsupa imatha kusweka msanga, mwana n'kubadwa osakwana masiku, mayi n'kudwala chiberekero. Anawamvetsera kamtima ka mwana kakugunda, n'kupereka mapiritsi. Bourama anapsompsona zala za mkazi wake pamaso pa mzambayo, osachita manyazi.

Kunyumba Bourama anafotokozera mayi ake zonse, osakweza mawu. Ba Tenin ananyamula mphika uja, kukaukhuthula m'ngalande, n'kukhala pansi pakhomo pa mpongozi wawo nkhope ataphimba ndi mpango.

"Mwana wanga, mphikawu anandipatsa ndi apongozi anga. Bourama asanabadwe ndinataya ana awiri, miyezi ngati yakoyi. Ndinkati ndi ziwanda."

Nassira anasowa poyang'ana. Mkwiyo womwe anabwera nawo unasungunuka. Anatenga dzanja la mayiwo, lonunkhirabe lubani, n'kuliika pamimba pake.

"Gwirani apa, Amayi."

Anadikira onse atagwira mpweya. Kenaka kamwana kanaponda, ndipo Ba Tenin analira mokweza.