Silinda Yosaphulika

Katsabola anali kamtsikana kakang'ono. Kakang'ono, koma kowawa. Akakwiya, mphuno yake inkatuluka thukuta. N'chifukwa chake onse ankamutchula Katsabola.

Tsiku lina anabwera kunyumba ndi ntchito ya masamu. Ankafuna kuimaliza msanga. Mawa lake aliyense ankayenera kuima kutsogolo kwa kalasi. Aliyense ankayenera kunena yankho lake. Wopanda yankho ankasekedwa. Katsabola sankafuna kusekedwa.

Agogo ake anali pampando. Ankasokerera batani pa malaya.

"Agogo, aphunzitsi atituma," anatero Katsabola. "Akuti tipeze silinda kunyumba. Tiiyeze ndi rula. Tidziwe kukula kwa m'kati mwake."

Singano inagwa pansi.

"Wati chiyani? Silinda?"

"Eya, agogo. Silinda."

M'nyumbamo munali silinda imodzi yokha. Inali kukhitchini, pafupi ndi chitofu. Inali yachitsulo. Inali yonenepa. Inali ya gasi. Ndipo gasi si choseweretsa, ana inu. Gasi saseka ndi munthu.

Katsabola anatenga rula. Analunjika kukhitchini. Agogo anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Anaima pakhomo, manja tambasu.

"Ayi!" anatero agogo. "Pano sudutsa. Silinda imaphulika. Ukaigwira, phuu! Nsidze zonse kupita."

"Ndingoiyeza kunja kokha, agogo."

"Kunjako ndiye koyambira. Bweretsa rulayo."

Agogo analanda rula. Anaizika m'chitini chawo cha mabatani. Rula inali yaitali. Chitini chinali chachifupi. Rula inangoima chilili, mutu uli kunja.

Mphuno ya Katsabola inayamba thukuta.

"Si bwino zimenezo!" anatero. "Anzanga onse akuyeza. Ine ndekha ndiye ayi?"

"Anzako ali ndi nsidze zapadera?" anafunsa agogo. "Aphunzitsi amtundu wanji otuma ana kumoto? Ana a eni ake! Bwanji osayeza yawo kwawo? Ndikupita konko. Ndikawafunse pamaso."

Agogo anayamba kufuna nsapato. Anapeza imodzi. Anagwada kufuna inzake pansi pa mpando.

Katsabola anayang'ana agogo akewo. Agogo kusukulu? Agogo kukalipira aphunzitsi, ana onse akuona? Kumeneko ndiye kusekedwa kwa chaka chonse!

Katsabola anakhala patebulo. Anafufuma masaya. Anatsegula buku mwaukali. M'bukumo munali chithunzi cha silinda. Pamwamba pozungulira. Pansi pozungulira. M'mbali mowongoka.

Anayang'ana rula yake ili chilili. Anayang'ana chitini. Pamwamba pozungulira. Pansi pozungulira. M'mbali mowongoka.

Anayang'ananso buku. Anayang'ananso chitini.

"Agogo!" anakuwa. "Chitini chanu ndi silinda!"

Agogo anatulutsa mutu pansi pa mpando.

"Iwe, usanditukwanire chitini. Chitini changa ndi chitini."

"Ndi silinda, agogo. Taonani chithunzichi. Kapu ndi silinda. Kandulo ndi silinda. Chitini chanunso ndi silinda."

Agogo anayang'ana chithunzi. Anayang'ana chitini. Anachikankha pang'ono ndi chala chimodzi.

"Zaka zonsezi ndimagona nacho kumutu," anatero. "Palibe anandiuza. Anthu a m'nyumba muno mulibe chisoni!"

"Sichiphulika, agogo. Muli mabatani okhaokha."

"Chabwino. Yeza. Koma pakamwa pake ndi pakuthwa. Ndichigwira ndine."

Anakhuthulira mabatani patebulo. Agogo anagwira chitini ndi manja awiri. Katsabola anagoneka rula pakamwa pake.

"Masentimita 14," anatero. "Theka lake ndi 7."

"Theka linalo walitaya kuti?" anafunsa agogo.

"Silinatayike, agogo. Timayambira pakati."

Katsabola anaimika rula m'mbali. Msinkhu wa chitini unali masentimita 10.

Kenako analemba motsatira njira ya m'buku. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili kunja.

7 kuchulukitsa ndi 7, anapeza 49.

49 kuchulukitsa ndi 22, n'kugawa ndi 7, anapeza 154.

154 kuchulukitsa ndi 10, anapeza 1540.

"Ndapeza!" anatero Katsabola. "Makiyubiki sentimita 1540. Ndiye kuti mumalowa madzi lita imodzi ndi theka. Patsala kampata kakang'ono."

Agogo anapukusa mutu.

"Bodza limenelo, mdzukulu wanga. Wayeza kunja. Zam'kati wazidziwa bwanji? Unalowamo?"

Mphuno ija inayambanso thukuta.

"Si bodza! Ine sindinama!"

"Ukauza kalasi bodza, adzakuseka. Usadzati agogo sananene."

Katsabola anaimirira. "Ndipatseni jagi ya lita imodzi."

Jagi inali kukhitchini. Agogo anakatenga okha. Anayenda cham'mbali, kutali ndi gasi. Anabwera nayo yodzaza madzi.

"Osathira pansi," anatero. "Munthu angaterereke. Mwendo ukathyoka subwerera."

Katsabola anathira jagi yonse. Chitini sichinadzaze.

"Waona?" anatero agogo.

"Dikirani kaye, agogo. Kwatsala theka."

Agogo anatunganso madzi, theka la jagi. Katsabola anathira. Madzi anakwera. Anakwera. Anakweranso.

"Basi! Basi! Atayika!" anakuwa agogo.

Dontho lomaliza linagwa. Madzi sanatayike. Anaima pafupi ndi pakamwa. Panatsala kampata kakang'ono, kochepa ngati chikhadabo.

Agogo anawerama. Anayang'anitsitsa.

"Mwana iwe," anatero motsitsa mawu. "Rula yakuuza zonsezi?"

"Rula ndi mutu wanga," anatero Katsabola.

"Ndiye mawa ukanene mokweza. Ukaimirire bwinobwino. Wina akakuseka, udzandiuze dzina lake."

Katsabola anaseka. Anakumbatira agogo m'chiuno. Tebulo linagwedezeka. Madzi anatayika pang'ono. Mabatani ena anagwa pansi, kuti waa!

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Amayi analowa, akuchokera kuntchito. Anaona madzi patebulo. Anaona mabatani pansi.

"Kodi muno mwachitika chiyani?" anafunsa amayi.

"Sukuona?" anatero agogo. "Tikuphunzira masamu. Usatisokoneze. Ndipo ponda bwino, batani limagwetsa munthu."

Amayi anaika chikwama pansi. Anagwada n'kuyamba kutola. Katsabola anatola ofiira. Amayi anatola oyera.

Agogo sanatole. Anali atatenga kale kapu yawo ya tiyi. Anaiika patsogolo pa Katsabola.

"Yezanso iyi," anatero. "Ndakhala ndikukayika. Amayi ako amandithirira tiyi wochepa."