Kamphepo Ayanika Udzu pa Chingwe

Panali mtsikana wina wosakhazikika. Podya ankadya ataimirira. Akamutuma, ankathamanga. Akamuuza kuti akhale pansi, miyendo inkakana. N'chifukwa chake kwawo ankamutchula kuti Kamphepo.

Kamphepo ankafuna tomato. Ankafuna tomato wakewake, wodzala yekha.

Kuseri kwa nyumba kunali dimba la amayi. Amayi anamupatsa kabedi pafupi ndi mpopi.

"Kabedi aka ndi kako," anatero amayi. "Koma ukakalekerera, ndidzalamo anyezi."

Kamphepo anakwinya nkhope. Anyezi ankamuliritsa.

Anadzala mbande zake za tomato. M'mawa ankapita kukaziona. Masana ankapita kukaziona. Madzulo ankapitanso.

"Kulani msanga," ankaziuza. Koma tomato alibe changu.

Tsiku lina anapeza chomera chachilendo m'kabedi muja. Chinali ndi masamba osalala. Chinali ndi timaluwa tabuluu. Sichinkaima ngati tomato. Chinkayanga pansi.

"Amayi, mlendo uyu ndani?" anafunsa Kamphepo.

"Ameneyo ndi khovani," anayankha amayi. "Ndi mlendo wosatsanzika. Umuchotse."

Kamphepo anathamangira kakhasu. Anadula, anadula, anadula. Khovani anasanduka tizidutswa. Tizidutswato anatisiya pomwepo.

"Ndathana naye," anatero, n'kuthamangira kosewera.

Mvula inagwa. Dzuwa linawala. Kamphepo atabwerera, anagwira pakamwa. Kachidutswa kalikonse kanali katamera. Mlendo uja anali ataitana abale ake.

Anatenganso kakhasu. Anadula, anadula, anadula. Mvula inagwanso. Khovani anachulukanso.

Khovani anadzaza kabedi konse. Anazinga tomato. Anawoloka kanjira, kulowera ku kabichi wa amayi. Masamba a tomato anayamba chikasu.

Masana ena amayi anabwera kuchokera kumsika. Ananyamula mbande za anyezi. Anaziika m'beseni pafupi ndi mpopi.

"Izi zikudikira malo, mwanangu," anatero.

Mtima wa Kamphepo unali m'mwamba. Anapita kukabedi. Anabwerera kukhonde. Anakhala pansi, n'kudzukanso. Anayang'ana beseni. Anayang'ana tomato wake. Misozi inalengeza m'maso, anyezi asanamukhudze n'komwe.

Atapsa mtima, anakoka khovani mmodzi wamtali. Anamuzunguza m'mwamba, n'kumuponya. Khovani anakakodwa pa chingwe choyanikira zovala. Kamphepo anamusiya akulendewera pomwepo.

Kenako kunachita dzuwa. Linawala, linawala.

M'mawa wina Kamphepo ankathamanga pansi pa chingwe. China chake chinamukanda pamphumi. Anali khovani uja. Anali atauma gwa. Atamugwira, anathothoka m'manja.

Kamphepo anaima. Inde, Kamphepo anaima.

Anapita kukabedi n'kunyonyomala. Anazula kachidutswa kamodzi. Anakayang'anitsitsa. Pa mfundo iliyonse panali timizu toyera.

"Ndakudziwa tsopano," ananong'ona. "Ukakhudza dothi, umadzuka. Ukakhala m'mwamba, umauma."

Kakhasu anakaika pakhoma. Ulendo uno anagwiritsa ntchito manja.

Anagwira khovani kunsonga. Anamutsatira pang'onopang'ono mpaka patsinde. Zala zinkafuna changu. Atakoka mwamphamvu, khovani anaduka. Kamphepo anausa moyo. Anatola kachidutswako, n'kuyambiranso.

Pozula, pang'onopang'ono. Poyanika, liwiro.

Pozula, pang'onopang'ono. Poyanika, liwiro.

Miyendo yake inakondwa. Anathamanga kupita kuchingwe. Anathamanga kubwerera kukabedi. Chingwe chinadzaza mpaka kuwerama.

Abambo ake anali oyendetsa basi. Tsikulo anali pa tchuthi. Anatuluka m'nyumba ndi malaya ochapa. Anayang'ana chingwe. Anakanda m'mutu.

"Kodi udzuwu wauchapa ndani?" anafunsa abambo.

"Sindinauchape, ababa. Ndikuuyanika kuti usadzukenso."

"Nanga malaya angawa ndiyanike pati?"

"Pampando, ababa. Chingwe chili ndi alendo."

Abambo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anayanika malaya pampando. Kenako anapinda buluku, n'kulowa m'dimba.

Abambo anakoka khovani mwamphamvu. Khovani anaduka.

"Pang'onopang'ono, ababa," anatero Kamphepo. "Musapupulume."

Amayi anamva ali pawindo. "Taonani amene akuphunzitsa anthu kudekha," anatero. Nawonso anatuluka kudzathandiza.

Khovani sanathe tsiku limodzi. Mlendo wosatsanzika sachoka msanga. M'mawa uliwonse Kamphepo ankazungulira dimba. Ankayang'ana pansi pa kabichi. Ankayang'ana m'mbali mwa khoma. Akaona kakhovani, ankakazula ndi mizu yomwe. Wouma uja ankamukolezera moto.

Tomato anapuma. Masamba anabiriwira. Maluwa achikasu anatuluka. Kenako anabereka timatomato tobiriwira.

"Ipsani msanga," Kamphepo ankauza timatomato tija.

Nanga anyezi uja? Amayi anamudzala kutali, kumapeto kwa dimba.

Tsiku lina tomato mmodzi anafiira psuu. Kamphepo anamuthyola ndi manja awiri. Sanathamange. Anayenda bwinobwino mpaka pakhonde.

Amayi anamudula patatu. Anawaza kamchere. Chidutswa china cha abambo. China cha amayi. Chachikulu cha mwini dimba.

"Tomato uyu ndi wokoma," anatero amayi. "Kabedi kaja ndi kako ndithu."

Kamphepo anasangalala kwambiri. Anakhala pakati pa amayi ndi abambo. Analuma tomato wake pang'onopang'ono.

"Amayi ake, taonani," ananong'ona abambo. "Kamphepo wakhala pansi."

Pomwepo Kamphepo anatong'ola maso. Kuseri kwa mpopi kunkasuzumira kaduwa kabuluu.

"Mundisungire malo," anatero.

Anadzuka, tomato ali m'tsaya, n'kuthamanga.